Makina akuphunzira kumvetsera okalamba. Nanga ife?



Ambiri a ife tili ndi agogo pakhomo. Ena tawamvapo akufunsa funso limodzi katatu m'mawa umodzi: "Kodi mwana uja wapita kusukulu?" Tiwayankha, pakapita mphindi zochepa afunsanso. Tsiku lina ateleka madzi n'kuiwala mpaka poto kupserera. Tsiku lina afuna kunena "lichero", mawuwo osabwera, angoti "chija, chija chopetera chija". Poyamba timaseka. Kenako timatopa nawo. Pamapeto pake ena amayamba kunong'ona kuti agogo alodzedwa, ndipo ena amafika ponena kuti iwowo ndiwo akulodza anzawo.

M'kope lino tikufuna tikambirane za chida chatsopano chimene chikuyesedwa ku Britain: pulogalamu ya pakompyuta imene imacheza ndi munthu, kumvetsera mmene akuyankhulira, n'kuthandiza dokotala kuona ngati munthuyo wayamba matenda oiwalaiwala, amene madokotala amawatchula kuti dementia. Maganizo athu ndi akuti chidachi n'chabwino ndipo tisachiope, koma ntchito yake ikhale yoloza njira ya kuchipatala. Kugamula kukhale kwa dokotala. Ndipo poti chidachi sichinaphunzire zilankhulo za agogo athu, ntchito yowamvetsera ikadali m'manja mwathu.

Matenda, osati ukalamba chabe

Kuiwala pamene waika makiyi n'kwa aliyense. Dementia ndi chinthu china. Ndi kuwonongeka kwa ubongo kumene kumapita patsogolo pang'onopang'ono, mpaka munthu kulephera zinthu zimene ankachita tsiku ndi tsiku: kuphika, kuwerenga ndalama, kupeza njira yobwerera kwawo, kuzindikira ana ake. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti mu 2021 anthu pafupifupi 57 miliyoni anali ndi matendawa, ndipo oposa 60 pa 100 alionse amakhala m'mayiko osauka ndi amene chuma chawo chili pakatikati. Chaka chilichonse anthu ena pafupifupi 10 miliyoni amayamba kudwala. Mtundu wofala kwambiri ndi wa Alzheimer, umene umakhudza odwala 60 mpaka 70 pa 100 alionse.

Chimene chimasokoneza mabanja n'chakuti matendawa amayamba kufufuta zatsopano, zakale n'kutsala. Agogo akhoza kulakatula bwinobwino zimene analoweza ali mwana ku madrasa, kukufotokozerani za njala ya 1949 osaphonya, koma osakumbuka kuti adya kale phala m'mawa womwewo. Achibale amati, "Munthu wokumbuka zonsezi angadwale mutu bwanji? Akuchita dala." Sakuchita dala ayi. Umo ndi mmene matendawa amayendera.

Kuyeza kunayamba ndi kucheza

Mu 1901, mumzinda wa Frankfurt ku Germany, dokotala Alois Alzheimer anakhala pansi ndi mayi wina wa zaka 51, Auguste Deter. Anamufunsa mafunso wamba: dzina lake, dzina la mwamuna wake, zimene akudya. Atafunsidwa dzina la mwamuna wake, mayiyo anatchula dzina lake lomwe. Dokotalayo analemba mayankho onse. Mayiyo atamwalira mu 1906, anapima ubongo wake n'kupeza kuti unali utawonongeka mwa njira yachilendo. Matenda amene lero akudziwika ndi dzina la dokotalayo anayamba kuonekera pa kucheza kwa anthu awiri.

Patapita zaka zoposa 100, ofufuza a ku yunivesite ya Sheffield ku England, pamodzi ndi dokotala wa ubongo Markus Reuber, anajambula mawu a odwala akucheza ndi madokotala ku chipatala cha anthu odandaula za kuiwala. Anapeza kusiyana koonekeratu. Pali anthu ena amene amaiwala chifukwa cha nkhawa, kutopa kapena kusowa tulo, ubongo wawo uli bwinobwino. Amenewa nthawi zambiri amabwera okha, ndipo ukawafunsa kuti anaiwala chiyani posachedwapa, amafotokoza mwatsatanetsatane: tsiku lake, malo ake, manyazi amene anachita. Ukawafunsa mafunso awiri pakamodzi, amayankha onse awiri. Koma amene ubongo wayamba kuwonongeka amabwera ndi wowaperekeza, amayankha mwachidule, amakhala chete nthawi yaitali, amayankha funso limodzi linalo n'kutayika, ndipo kawirikawiri amatembenukira kwa wowaperekeza kuti awayankhire. Munthu amene akudandaula kwambiri za kuiwala kwake nthawi zina ndiye ali bwino, pamene wodwaladi amati palibe vuto.

Pa maziko amenewa ndi pamene anamanga pulogalamu yotchedwa CognoSpeak, motsogozedwa ndi Heidi Christensen, katswiri wa makompyuta, ndi Daniel Blackburn, dokotala wa ubongo. Munthu amatsegula kompyuta kunyumba kwake kudzera pa intaneti. Pamaonekera nkhope ya munthu wochita kupanga amene amamufunsa mafunso onga a kuchipatala, kumupempha kuti afotokoze zimene akuona pachithunzi, ndiponso kuti atchule mayina a nyama ambiri mmene angathere mu mphindi imodzi. Makinawo amasandutsa mawu kukhala malemba, n'kuwerengera zinthu zimene khutu la munthu silingawerenge bwino: kutalika kwa kukhala chete, kubwereza mawu, kuchepa kwa mawu osiyanasiyana, liwiro la kuyankhula. Kenako amafananiza ndi mayankhulidwe a anthu ambiri amene matenda awo anatsimikizidwa kale, n'kutumiza lipoti kwa dokotala. Pa kuyesa koyamba, pulogalamuyi inasiyanitsa odwala Alzheimer ndi anthu abwinobwino molondola pafupifupi ka 90 pa 100. Bungwe la boma la Britain lothandiza kafukufuku wa zaumoyo, la NIHR, linapereka mapaundi 1.4 miliyoni kuti iyesedwe pa anthu ambiri.

Chifukwa chake tikuchilandira

Choyamba, madokotala a ubongo ndi ochepa kulikonse. Ngakhale ku Britain anthu amadikira miyezi kuti aonedwe ku chipatala cha matenda oiwala, ndipo pamzere womwewo pamakhala ambiri amene vuto lawo ndi nkhawa. Chida chimene chingathandize kuona amene ayenera kuonedwa msanga chingapulumutse nthawi ya odwala enieni. Ngati izi zili zofunika kumene madokotala alipo ambiri, kuli bwanji kuno kwathu, kumene munthu wodwala maganizo kapena ubongo amayenda ulendo wautali kukafika ku Zomba Mental Hospital, ku St John of God ku Mzuzu kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre?

Chachiwiri, kuyankhula sikufuna sukulu. Mayeso ambiri akale a papepala amafuna kuti munthu ajambule wotchi, alembe chiganizo kapena achotsere manambala m'mutu. Gogo amene sanagwirepo cholembera amalephera mayeso otere ngakhale mutu wake uli wakuthwa. Koma kufotokoza nkhani ndi kutchula nyama za kutchire aliyense amatha.

Chachitatu, makina satopa ndipo sakalipa. Akhoza kufunsa munthu lero, kumufunsanso pakatha miyezi isanu ndi umodzi, n'kuona kusintha kumene ife okhala naye tsiku ndi tsiku sitingakuone, monga mmene kholo siliona kuti mwana wake watalika.

Pamene tiyenera kusamala

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Vuto loyamba ndi chilankhulo. Makina amamva bwino anthu ofanana ndi amene anaphunzirirapo. Mu 2020 ofufuza a ku yunivesite ya Stanford anayesa mapulogalamu asanu a makampani aakulu osandutsa mawu kukhala malemba. Pa mawu 100 alionse, mapulogalamuwo ankalakwitsa pafupifupi 19 akamayankhula mzungu wa ku America, koma 35 akamayankhula munthu wakuda wa ku America komweko. Onsewo ankayankhula Chingerezi. Eni ake a CognoSpeak amalidziwa vutoli, n'chifukwa chake akhala akugwira ntchito ndi anthu ochokera ku Somalia okhala mu Sheffield kuti aone ngati chidacho chimawamva mwachilungamo anthu amene Chingerezi si chilankhulo chawo choyamba.

Tsono taganizirani agogo athu. Amayamba chiganizo m'Chiyao, kuchimaliza m'Chichewa, pakati n'kuponyamo mawu a Chingerezi amene anawatola ku migodi ya ku Johannesburg. Kwa ife palibe chachilendo. Kwa makina ophunzitsidwa ku England, amenewo ndi mawu osokonekera. Komanso zizindikiro zina zimene zimagwira ntchito ku Sheffield kuno zili ndi tanthauzo lina. Mayi wachikulire akafunsidwa funso ndi mlendo, n'kuyamba wayang'ana kwa mwana wake asanayankhe, nthawi zambiri ndi ulemu. Mkulu akakhala chete asanayankhe, akusinkhasinkha, chifukwa kuyankha mothamanga n'kwa ana. Makina osadziwa mwambo wathu angawerengere ulemu ngati matenda.

Anzathu a ku Tanzania anasonyeza kuti mayeso ayenera kusokedwa molingana ndi thupi la wovala. M'boma la Hai, kufupi ndi phiri la Kilimanjaro, ofufuza anakonza mayeso otchedwa IDEA oyenera anthu amene sanapite patali ndi sukulu. M'malo mojambula ndi cholembera, munthu amayala timitengo ta machesi motsanzira chitsanzo chimene waonetsedwa. M'malo mofunsidwa zinthu za m'mabuku, amafunsidwa dzina la mtsogoleri wa mudzi wake. Makina olankhula nawonso adzafunika kusokedwa chimodzimodzi asanatithandize.

Vuto lachiwiri ndi lakuti makina amalakwa molimba mtima. Mu 2024 ofufuza anapeza kuti pulogalamu ya Whisper, ya kampani ya OpenAI, nthawi zina imalemba ziganizo zimene munthu sananene n'komwe, pafupifupi kamodzi pa maulendo 100. Izi zinkachitika kwambiri pa anthu amene ali ndi vuto la kuyankhula ndipo amakhala chete nthawi yaitali. Amenewa ndi anthu omwewo amene chida choyezera kuiwala chimafuna kuwamvetsera. Ndipo kulondola ka 90 pa 100 kukutanthauza kuti pa anthu khumi, mmodzi auzidwa zolakwika: wina wabwinobwino aopsezedwa, kapena wodwala atsimikiziridwa kuti ali bwino.

Vuto lachitatu ndilo lalikulu. Makina omvetsera mawu sangayeze magazi, sangagwire pamphumi, sangaone mapilitsi amene agogo akumwa. Pali zinthu zambiri zimene zimachititsa munthu kuiwala ndi kusokonezeka koma zimachizika: kuchepa kwa vitamini B12 m'thupi, kufooka kwa chithokomiro, matenda okhumudwa, chindoko kapena HIV zikafika ku ubongo, mankhwala ena ogonetsa, ngakhale kusamva bwino m'makutu. Wokalamba akasokonezeka mwadzidzidzi, m'masiku awiri kapena atatu, nthawi zambiri chimakhala china: malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo, kapena shuga wakwera kapena watsika. Zikatero munthu apite kuchipatala tsiku lomwelo. Makina akangonena kuti ndi dementia, banja n'kukhala pansi, munthu akhoza kufa ndi matenda amene akanachira ndi mankhwala a sabata imodzi.

Vuto lachinayi ndi chinsinsi. Mawu a munthu ndi munthuyo. Gogo amene akufotokoza za moyo wake kwa makina amatchula ana ake, minda yake, mikangano ya pabanja. Mawuwo akusungidwa kuti, ndipo akuwamva ndani? Ku Malawi kuno tsopano tili ndi lamulo la 2024 loteteza uthenga wokhudza munthu, koma lamulo silingalowe m'nyumba kudzaletsa mdzukulu kujambula agogo ake osawapempha. Munthu amene wayamba kuiwala sanataye ufulu wofunsidwa.

"Nanga ngati alibe mankhwala, kudziwa kuli ndi phindu lanji?"

Funso limeneli tikudziwa kuti ena mwa makolo ali nalo, ndipo ndi lomveka. N'zoona kuti Alzheimer sachizika. Mankhwala onga donepezil amangochepetsa zizindikiro kwa kanthawi. Koma kudziwa kuli ndi phindu. Kumapatsa mwayi wopeza matenda ochizika aja. Kumapatsa munthu nthawi yonena yekha za munda, nyumba ndi ngongole zake mutu ukadali bwino, kuti ana asadzakangane. Kumasintha mtima wa wosamalira: mpongozi amene akudziwa kuti apongozi ake akudwala samva kuwawa mofanana akamanenedwa kuti waba ndalama zimene eni ake abisa n'kuiwala.

Koposa zonse, kuno kwathu dzina la matenda likhoza kupulumutsa moyo. Tonse tikukumbukira za ku Neno mu Januwale 2016, pamene okalamba anayi anaphedwa ndi gulu la anthu powaganizira kuti anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana. Nkhani imeneyo inationetsa mmene mphekesera imasandukira imfa mofulumira munthu akakhala wokalamba. Tsono ganizirani gogo amene matenda amudzutsa usiku, watuluka osavala bwino, wasochera, m'bandakucha wapezeka pakhomo pa eni ake akuyankhula zosamveka. Kuyendayenda usiku ndi chizindikiro chodziwika bwino cha dementia. Koma m'mudzi mmene mawu amenewa sanamvekepo, anthu amakhala ndi dzina lina lokonzeka kale. Lamulo la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza okalamba. Komabe chimene chimateteza gogo uja m'bandakucha ndi mnansi amene akudziwa kuti uku n'kudwala, n'kumufunditsa nsalu ndi kumuperekeza kwawo.

Zimene tikupempha

Kwa inu ophunzira. Ambiri muli ndi mwayi wogwira foni, ndipo mukudziwa ChatGPT ndi mapulogalamu ena onga iyo. Musawasandutse dokotala wa agogo anu. Mapulogalamu amenewa sanapangidwire kuyeza ubongo, ndipo amayankha mokoma ngakhale akulakwa. Musajambule agogo pamene asokonezeka n'kutumiza pa WhatsApp kuti anzanu aseke. Chimene mungachite, ndipo mungachichite bwino kuposa makina, n'kutenga kope n'kumalemba zimene mwaona ndi tsiku lake: lero afunsa funso limodzi kanayi, lero asochera pobwera kuchigayo, lero aiwala dzina la amalume. Kope limenelo ndi chuma kwa dokotala amene ali ndi mphindi khumi zokha. Ndipo inu amene mumakonda masamu, bayoloje ndi kompyuta, dziwani kuti makina omva Chiyao ndi Chichewa cha okalamba sadzagwa kumwamba. Adzapangidwa ndi anthu odziwa zilankhulozo, amene adzapempha chilolezo kwa agogo mwaulemu asanajambule mawu awo. Bwanji asakhale ena mwa inu?

Kwa inu makolo. Mukaona kusintha kumene kwatha miyezi ingapo, musadikire. Pitani nawo kuchipatala, mupite inu amene mumakhala nawo, mutenge buku lawo la kuchipatala ndi mankhwala onse amene akumwa, ngakhale achikuda. Pemphani kuti awayeze BP, shuga, magazi, maso ndi makutu. Dokotala akamafunsa, musawayankhire msanga. Alekeni ayese okha, chifukwa mmene akuyankhira ndi mbali ya kuyezako. Inunso dzisamalireni. Gulu la akatswiri la magazini ya zachipatala ya The Lancet linanena mu 2024 kuti pafupifupi 45 pa 100 ya matendawa ingapewedwe kapena kuchedwetsedwa pothana ndi zinthu 14, monga kuthamanga kwa magazi, shuga, fodya, kusamva, kusaona bwino ndi kukhala wekhawekha. Pa mndandanda womwewo pali kusapita kusukulu. Fizi imene mukulipira lero ikuteteza ubongo wa mwana wanu pa ukalamba wake.

Kwa akuluakulu a komiti. Inu mumaona okalamba athu kawirikawiri kuposa wina aliyense kunja kwa banja. Ndinu oyamba kuzindikira kuti bambo amene wayenda njira ya kumzikiti zaka makumi anayi wayamba kuiphonya, kapena kuti wasiya kubwera chifukwa cha manyazi. Mawu amodzi a mseri kwa ana ake akhoza kuyambitsa ulendo wa kuchipatala. Tikupempha kuti muitane wazaumoyo wa m'dera lathu adzayankhule ndi anthu za matendawa, ndiponso kuti mabanja amene akusamalira wodwala wotere asasiyidwe okha. Ntchito imeneyi nthawi zambiri imagwera mayi mmodzi kapena mtsikana mmodzi, ndipo mtsikanayo nthawi zina ndi wophunzira wathu amene akugona m'kalasi chifukwa wachezera kulondera agogo. Mutu umodzi susenza denga.

Makina a ku Sheffield sanatulukire nzeru yachilendo. Anaphunzitsidwa ndi anthu amene anakhala pansi n'kumvetsera odwala mofatsa, osawadula mawu, osawayankhira. Tsiku lina chida chotere chidzafika m'zipatala zathu, ndipo chikadzafika chikumva zilankhulo zathu, chili m'manja mwa wachipatala, tidzachilandira. Pakadali pano, madzulo ano agogo akafunsanso funso lija kachitatu, ayankheni ngati ndi koyamba, kenako mulembe tsiku lake m'kope.